Mliri ukabwera, fiyeta isatsekedwe: mafunso a anthu a ku Rumphi pa za opaleshoni

Mukafuna kudziwa ngati fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni pa chipatala cha kwanu, ikugwira ntchito, musavutike n'kufunsa mlonda wa pageti. Zungulirani kuseri, kochapira. Mukapeza nsalu zobiriwira zitayanikidwa pachingwe, ndiye kuti dzulo anthu analowa n'kusokedwa, ndipo mawa ena alowanso. Chingwecho chikakhala chopanda kanthu masiku angapo, dziwani kuti zinthu sizili bwino.

Ine ndinaphunzira kuyang'ana chingwe chimenechi kumayambiriro kwa 2021, ndikuperekeza amalume anga, amene kwathu ku Henga timati asibweni. Anali ndi heniya, chotupa cha m'mphechepeche chija chimatuluka munthu akanyamula cholemera n'kubwerera chokha akagona chagada. Tsiku la opaleshoni linalembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala, linakhwatchidwa, kunalembedwa lina, nalonso linakhwatchidwa. Tikubwerera ulendo wachiwiri anandifunsa m'minibasi, masiki ili pachibwano: "Muphwa, matenda a chifuwa akulowa bwanji pa chotupa changa?" Sindinawayankhe bwino tsiku limenelo.

Kodi opaleshoni imene amati "ingadikire" ndi iti?

Achipatala amagawa opaleshoni pawiri. Ina ndi ya mwadzidzidzi: mayi amene mwana wakanika kubadwa, mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika, matumbo akapotana, mnyamata wagwa pa njinga ya kabaza fupa n'kutulukira kunja. Ina ndi yopangana tsiku: heniya, phudzi, chithokomiro, ng'ala, zotupa za m'chiberekero, abambo achikulire amene mkodzo wayamba kuvuta, ndi zotupa zoganiziridwa kuti ndi khansa. Ambiri, ngakhale akuluakulu ena a m'maofesi, amamva "yopangana tsiku" ngati "yosafunika". Apa m'pamene timasochera. Heniya imatha kukhala zaka osavuta, koma tsiku lina matumbo amakanirira m'chotupamo, magazi amaleka kufikako, ndipo m'maola owerengeka matumbowo amayamba kuola. Ntchito imene ikanatenga ola limodzi masana, munthu n'kutuluka mawa lake, imasanduka yodula matumbo pakati pa usiku, pofunika magazi amene mwina kulibe. Ng'ala siipha, n'zoona. Koma agogo osaona amafuna wowagwira dzanja, ndipo wowagwira dzanjayo amakhala mdzukulu amene anayenera kukhala m'kalasi.

Ku Rumphi opaleshoni imachitikira kuti, nanga amaichita ndani?

Pa kalembera wa 2018 boma la Rumphi linali ndi anthu pafupifupi 230,000, ndipo ntchito yaikulu ya mpeni imagwera zipatala ziwiri. China ndi Rumphi District Hospital, cha boma, pa boma pomwepo. China ndi David Gordon Memorial Hospital ku Livingstonia, cha Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, chimene chatumikira anthu zaka zoposa 100 ndipo chimayang'anira zipatala zing'onozing'ono za kunyanja monga Mlowe, Luwuchi ndi Tcharo. Odwala ambiri amayambira ku Bolero, Katowo, Mhuju, Mwazisi, Lura kapena Chitimba n'kutumizidwa ndi kalata. Zikavuta kwambiri ulendo ndi wa ku Mzuzu Central Hospital, makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa boma, kudutsa pa Ekwendeni pamene palinso chipatala cha mishoni.

Amene amagwira mpeni m'zipatala za m'maboma nthawi zambiri si dokotala wamkulu wa opaleshoni, koma kiliniko ofisa. Ena amaderera akamva zimenezi, koma kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti m'zipatala zathu makiliniko ofisa ankachita masiza (opaleshoni zotulutsa mwana) 9 mwa 10 aliwonse, ndipo amayi ankachira mosasiyana kwenikweni ndi amene anachitidwa ndi madokotala. Pali winanso amene sitimutchula pothokoza: wogonetsa, uja amakhala kumutu kwa wodwala kuyang'anira mpweya ndi kugunda kwa mtima. M'zipatala za m'maboma ogonetsa ndi owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Mishoni ya Livingstonia ili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi: Dr Robert Laws, amene anaikhazika pa Khondowe mu 1894, anali atagonetsa kale munthu ndi mankhwala a chloroform n'kumuchita opaleshoni ku Cape Maclear mu 1876.

Nanga matenda a chifuwa amatseka bwanji fiyeta?

Ili ndi funso la asibweni lija. Yankho n'lakuti fiyeta ndi wodi ya odwala mliri zimadyera m'mbale imodzi. Mpweya wa okosijeni umene wogonetsa amafuna pa opaleshoni ndi womwewo umene wodwala Covid-19 wobanika akuulirira. Mu Januwale 2021 mpweya unasowa m'dziko lonse. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu wamba motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani anayamba kusonkha ndalama zogulira masilinda ndi zipangizo zake. Pa nthawi ngati imeneyo, silinda imodzi yotsala simungaipereke kwa munthu wa heniya amene wabwera akuyenda yekha.

Anthu ogwira ntchito nawonso ndi omwewo. Wogonetsa ndi amene amadziwa bwino kuthandiza munthu wolephera kupuma, choncho amaitanidwa ku tenti ya odwala mliri. Akadwala iyeyo, kapena akauzidwa kuti abindikire kunyumba masabata awiri, fiyeta yaima ngakhale mipeni yonse ili yowiritsa. Magolovesi, masiki ndi zovala zodzitetezera zimatha msanga. Mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala m'zipatala za boma ananyanyala ntchito pofuna zinthu zimenezi. Ndipo kulowetsa paipi kukhosi pogonetsa munthu kumamwaza kachilombo m'chipinda chonse, motero opaleshoni iliyonse inkafuna kukonzekera ndi kutsuka kowirikiza. Si kwathu kokha. Gulu la madokotala lotchedwa COVIDSurg linawerengera mu 2020 kuti maopaleshoni oposa 28 miliyoni padziko lonse adzalephereka m'masabata 12 oyamba ovuta a mliriwo.

Ndiye kuti nthawi ya Covid-19 opaleshoni yonse inaima?

Ayi. Siza siinaime, ndipo ovulala pa ngozi ankalandiridwa. Zimene zinkasunthidwa ndi zopangana tsiku zija. Koma mbiri inafika m'midzi mopotoka, yakuti "kuchipatala atseka". Kumbukirani kuti Malawi sanatsekedwe ngati mmene anachitira anzathu a ku South Africa. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, boma la Peter Mutharika linafuna kuti anthu abindikire masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma bwalo la High Court linaletsa kutatsala tsiku limodzi. Amene anatsekereza anthu m'nyumba si apolisi ayi. Anali mantha, kuphatikizapo mtengo wa minibasi umene unakwera atalamula kuti zichepetse okwera. Kunamveka mphekesera zoti ukapita ndi chifuwa chilichonse akulemba kuti ndi korona, zoti akakubaya jakisoni wokumaliza, zoti ukafera kumeneko abale sakaona nkhope yako. Munthu wa matumbo opotana ankagona kunyumba masiku atatu akumwa zitsamba chifukwa cha nkhani zimenezi, n'kudzafika zinthu zitaipa. Zoterezi zinaonekanso ku Sierra Leone: Ebola itavuta mu 2014, maopaleshoni akuluakulu anatsika ndi theka, osati chifukwa chakuti amayi analeka kuvutika pobereka.

Kodi si bwino kungodikira mliri uthe? Kuchitidwa opaleshoni nthawi yotero si kudziputira?

Manthawa ali ndi pogwira. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu Meyi 2020 anatsata odwala oposa 1,100 amene anachitidwa opaleshoni ali ndi kachilombo ka korona, kapena anakatenga atangochitidwa. Theka la iwo anavutika ndi mapapo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anamwalira pasanathe mwezi. Chaka chotsatira, kafukufuku wina wa anthu 140,000 m'mayiko 116 anaonetsa kuti amene wadwala Covid-19 akadikira masabata 7, ngozi ya opaleshoni imabwerera mwakale. Katemera atafala malangizowo anafewetsedwa.

Taonani bwino zimene ziwerengerozi zikunena. Choopsa ndi kukumana kwa mpeni ndi kachilombo m'thupi limodzi, osati opaleshoni payokha. Ndiye mankhwala ake ndi kuyeza munthu asanalowe, kumugoneka kutali ndi odwala mliri, kumutulutsa msanga, ndi kugwiritsa ntchito jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kumunsi kokha pamene zingatheke, m'malo momugonetseratu. Pa heniya ndi siza jakisoni wa pamsanayu ndi amene zipatala zathu zinazolowera kale. Kunena kuti "tidikire uthe" n'kosavuta pakamwa, koma bungwe la WHO linadzalengeza kuti ngozi ya Covid-19 yatha pa 5 Meyi 2023, patapita zaka zitatu. Chotupa cha m'bere sichidikira zaka zitatu. Ndipo masiku amenewo m'Malawi munalibe makina owotchera khansa. Odwala ankatumizidwa kunja, pamene ndege zinaimitsidwa kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2020. Kwa ambiri, mpeni wa kwathu konkuno ndiwo unali thandizo lokhalo.

Akamati zipatala zigwirizane, kwenikweni amatanthauza chiyani?

Ku mayiko a anzathu anachita chonchi: chipatala china chinkalandira odwala mliri, china n'kusungidwa chopanda kachilombo kuti opaleshoni izipitirira. Ku London chipatala cha Royal Marsden chinasonkhanitsa odwala khansa ochokera m'zipatala zosiyanasiyana pa mndandanda umodzi, ndipo boma la Britain linachita lendi mabedi ndi mafiyeta a zipatala zolipira. Zinathandiza: mwa odwala khansa ochitidwa opaleshoni m'malo opatulidwa chonchi, amene anavutika ndi mapapo anali pafupifupi 2 pa 100 aliwonse, pamene kosakanikirana anali pafupifupi 5.

Papepala, Rumphi akuoneka ngati anapangidwira njira imeneyi: zipatala ziwiri, china pa boma, china pamwamba pa phiri. Koma amene angaganize choncho sanayendepo m'bomali. Mayi wa ku Tcharo amafika pa Mlowe pa boti. Wa ku Chitimba amakwera msewu wa Gorodi ndi makhota ake 20, dalaivala akubwerera m'mbuyo pa ngodya zina kuti akhote. Bambo wa ku Hewe, nyengo ya mvula, amafika pa boma atatopa kale ndi matope. Mumuuze kuti apitirire ku Njakwa n'kukwera mpaka Livingstonia, iye ndi womudikirira, ndi ufa, nkhuni ndi mapoto awo? Palibe chimodzi mwa zipatala ziwirizi chimene chingatseke chitseko kwa mayi wa pakati kapena kwa munthu wobanika n'kunena kuti "pitani kwa anzathu".

Choncho kwa ine mgwirizano wa kuno uyenera kuyendetsa ogwira ntchito ndi zipangizo kuposa kuyendetsa odwala. Wogonetsa wa uku akadwala, wa uko abwere masiku atatu. Makina owiritsira zida akafa, zida zipite m'galimoto kukawiritsidwa kwa anzawo n'kubwera tsiku lomwelo. Amene ali ndi masilinda asanu odzaza abwereke awiri. Ulusi wosokera ukatha kuno, pamene uko uli pafupi kutha mphamvu m'kabati, usinthanitsidwe. Madokotala akuluakulu a ku Mzuzu abwere masiku awiri, apeze odwala atayezedwa kale, magazi awo atadziwika, n'kugwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Galimoto imodzi yonyamula anthu anayi odziwa ntchito imapulumutsa maulendo a mabanja 20. Zambiri mwa izi achipatala amachitirana kale mwa chinansi, pongoimbirana foni. Vuto la chinansi n'lakuti mnzako uja akasamutsidwa, mgwirizano wapita naye.

Chipatala cha mishoni n'cholipira. Akanditumiza kumeneko, alipire ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo m'misonkhano amapadutsa mothamanga. Ku chipatala cha boma thandizo ndi laulere. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo la zaumoyo m'dziko muno, zimalipiritsa. Boma limalipira malipiro a antchito awo, koma mankhwala, mafuta a jenereta ndi ulusi amagula okha. Kuyambira cha m'ma 2006 boma lakhala likusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, amene achipatala amangowatchula kuti SLA, kuti anthu ena azithandizidwa ulere boma n'kubweza ndalamazo. Koma mapangano ambiri amakhudza amayi oyembekezera ndi makanda. Mayi wofunika siza ali mkati. Bambo wa heniya kapena agogo a ng'ala kawirikawiri ali kunja. Ndipo boma likachedwa kubweza, monga zakhala zikuchitikira, zipatala zina za mishoni zimaimika panganolo chifukwa ngongole ya mankhwala yawakwana.

Ndiye kuuza mlimi kuti "fiyeta yathu yadzaza, pitani ku mishoni" popanda kunena za ndalama kuli ngati kumuuza kuti abwerere kunyumba. Chofunika ndi chiganizo chimodzi m'panganolo, cholembedwa kunja kuli bata: mliri ukabuka ndipo fiyeta ya boma ikalephera, maopaleshoni akutiakuti adzachitikira ku mishoni pa mtengo wakutiwakuti, ndipo khonsolo idzalipira pasanathe masiku akutiakuti. Panopa, musananyamuke funsani amene akukulemberani kalata kuti: "Kodi vuto langali lili pa pangano, kapena ndikalipira?" Si mwano kufunsa. Kuli bwino kumva mtengo muli kwanu mbuzi ikadali m'khola.

Bwanji osangotumiza onse ku Mzuzu, kumene kuli akatswiri?

Chifukwa Mzuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 2000, ndicho chipatala chachikulu chokhacho cha anthu oposa 2 miliyoni a ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Mliri ukakula, odwala kwambiri a m'maboma onsewa amathera kumeneko, ndipo mabedi a odwala mwakayakaya ndi ochepa. Kuwaunjikira heniya ndi phudzi ndi kuwalanda malo a opaleshoni zimene iwo okha angathe. Komanso ambulansi imene yapita ku Mzuzu ndi wodwala woti akanathandizidwa pa boma ndi yomweyo imene ikusowa ku Mwazisi usiku umenewo, ndipo mafuta ake achoka m'thumba lomwelo.

Akatswiri a za opaleshoni padziko lonse anagwirizana mu 2015 kuti munthu aliyense azitha kufika pasanathe maola awiri pamalo pamene angachitidwe siza, opaleshoni ya m'mimba, kapena kukonzedwa fupa lotulukira kunja. Muyeso umenewu sungakwanike ndi Mzuzu yekha. Chimene chimathandiza ndi foni. M'chigawo cha kumwera, ntchito yotchedwa SURG-Africa inalumikiza makiliniko ofisa a m'maboma ndi madokotala akuluakulu a ku Queen Elizabeth Central Hospital pa gulu la WhatsApp. Wa kuboma ankalemba za wodwala, kutumiza chithunzi cha ekisileyi, ndipo katswiri ankayankha kuti "chitani chakuti konko" kapena "mutumizeni tsopano, tikonza fiyeta". Maulendo ambiri osafunika anapewedwa, ndipo otumizidwa ankafika akuyembekezeredwa. Njira yotchipa chonchi, ya mayunitsi chabe, sifunika kudikira thandizo la kunja.

Magazi amasowa bwanji pamene mliriwo si wotaya magazi?

Chifukwa magazi ambiri a m'dziko muno amachokera kwa ana a sukulu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Mzuzu, limadalira kwambiri masekondale ndi makoleji. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, kufikira Seputembala, kasupe anaphwa. Mapemphero ndi misonkhano, kumene amapezanso opereka, zinachepetsedwa. Mphekesera za opopa magazi, zimene zinabukanso m'madera ena kumayambiriro kwa chaka chomwecho, zinangothira mchere pabala. Magazi sasungika ngati chimanga m'nkhokwe. Pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi atha ntchito. Tsono botolo limene likukalamba mufiriji ku chipatala china, pamene kwina mayi akutaya magazi, ndi imfa imene foni imodzi ndi njinga yamoto zikanailetsa. Magazi akachepa, otsalawo amasungira amayi obereka, ana a malungo ndi ovulala, ndipo opaleshoni yopangana tsiku ndi imene imayamba kukhwatchidwa. Dziwaninso kuti Covid-19 siifala kudzera m'magazi operekedwa, ndipo wobayitsa katemera atha kupereka.

Mndandanda ukatalika, amasankha bwanji woyamba? Si zokondera?

Lamulo lake si lakuti wobwera kale alowe kale. Amayamba ndi amene angafe kapena kutaya chiwalo lero, kenako amene matenda awo akukula sabata ndi sabata monga khansa, kenako amene ululu kapena kulemala kwawalepheretsa kugwira ntchito, otsala n'kumatsatira. Ndiye mukaona wobwera dzulo akulowa inu mutadikira miyezi inayi, sikuti nthawi zonse ndi wachibale wa wina. Koma tisanamizane, kukondera kuliko, ndipo kumakula pamene mndandanda uli m'mutu mwa munthu mmodzi kapena m'kope limene amayenda nalo m'thumba. Mndandanda umodzi wolembedwa, umene zipatala zonse ziwiri ndi a ku Mzuzu akuuona, uli ndi dzina, mudzi, foni, vuto ndi tsiku limene munthu analembedwa, umavuta kuubera. Umathandizanso kuti munthu asasowe. Asibweni atakhwatchidwa kachiwiri, palibe amene anawalemba pena paliponse kupatula m'kabuku kawo komwe. Akanakhala kuti anataya mtima, chipatala sichikanadziwa n'komwe kuti kuli munthu amene sanabwerenso. Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa, m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa chipatala, ndipo ntchito yake ndi kumva madandaulo ngati amenewa.

Tsiku langa lasunthidwa. Ndichite chiyani pamene ndikudikira?

Musachoke musanalembetse tsiku lina m'kabuku, ndipo siyani nambala ya foni imene imayankhidwa, ngakhale ya mwana wanu kapena ya mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Dzulo la ulendo imbani kapena tumani wina akafunse, kuti musawononge ndalama ya thiransipoti. Mankhwala a BP, a shuga ndi ma ARV musasiye. Ambiri amabwezedwa pa tsiku lenilenilo chifukwa BP yakwera kapena magazi achepa.

Koma pali zizindikiro zimene zimafafaniza tsiku lililonse lolembedwa. Chotupa cha heniya chikalimba, chikamapweteka ndi kukana kubwerera, mukayamba kusanza, mimba n'kutupa, chimbudzi ndi mpweya osatuluka, mkodzo ukatsekeka, mukamataya magazi mpaka chizungulire: nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena masana, mliri kaya ulipo. Musadye kanthu panjira, chifukwa mwina mukalowa kufiyeta mukangofika. Musakanikize chotupacho mwamphamvu, ndipo musatemerepo mphini. Asibweni ankamanga chawo ndi kansalu ka chitenje chakale akamapita kumunda, n'kumati chikugwira. Sichinkagwira kanthu, chinkangowapatsa mtima woti anyamule zimene sanayenere kunyamula. Mayi amene anachitidwapo siza asayese kuchilira kunyumba chifukwa choopa mliri. Apite kuchidikiro masiku asanakwane, makamaka ngati kwawo ndi kwa boti kapena kwa matope.

Covid-19 inapita. Nkhaniyi ikutikhudzanso bwanji?

Sitinapume n'komwe pamene kolera inabuka ku Machinga mu Malichi 2022. Pofika Ogasiti inali itafika m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, ndipo isanazilale inapha anthu oposa 1,700, kuposa kolera ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino. Kolera sifuna okosijeni kwenikweni, koma imameza madiripu, magolovesi, anamwino ndi mafuta a ambulansi, zomwezo zimene fiyeta imadalira. Dzina la mliri limasintha, mbale ndi yomweyo.

Woyenera kuitanitsa zipatala pamodzi alipo kale: mkulu wa zaumoyo ku khonsolo ya boma, amene amayang'anira zipatala zonse za m'bomalo, za boma ndi za mipingo zomwe. Makhansala, mafumu ndi makomiti a zipatala ali ndi ufulu womufunsa mafunso osavuta. Wogonetsa akadwala, alowe m'malo ndani? Masilinda odzaza alipo angati, ndipo ali kuti? Mafuta osungira ambulansi ya usiku alipo? Pangano ndi a mishoni likuti chiyani za munthu amene si mayi woyembekezera? Mayankho ake amakwana pa pepala limodzi, ndipo pepala limenelo limafunika kukhomedwa pakhoma la fiyeta iliyonse.

Asibweni analowa pa ulendo wachitatu, mliri utatsikako. Anawabaya pamsana, ndipo akuti ankamva zonse zimene achipatala ankakambirana kuseri kwa nsalu yobiriwira, mpaka za mpira. Patapita masiku awiri tinatuluka. Fodya wa chaka chimenecho anathyoledwa ndi kusokedwa ndi aganyu, ndipo atawerengera pambuyo pogulitsa ku Mzuzu anapeza kuti aganyuwo ndi maulendo awiri opita pachabe anadya ndalama ya feteleza wa chaka chotsatira. Kabuku kaja akusungabe m'jumbo ya shuga pansi pa matiresi, masiku awiri okhwatcha ali pompo.